Feteleza Wogawidwa Patatu

Kalata ya bungwe imafika chaka chilichonse nandolo akayamba kuchita maluwa. Amabwera nayo wakabaza kuchokera kumsewu, ndipo ine sindisaina tsiku lomwelo. Ndimaiwerenga, ndimaiika pansi pa Baibulo, mawa lake n'kuiwerenganso maso asanatope. Apampando a bungwelo anazolowera. Amaimba foni n'kunena kuti, "Mayi, kalatayo ndi yomwe ija ya chaka chatha, tangosinthamo dzina la wolankhula." Ine ndimati ngati ndi yomweyo, siwonongeka ikagona masiku atatu.

Bungwelo ndi la akatswiri a kemisitiri, anthu amene ntchito yawo ndi kuyeza zinthu kuti adziwe chimene chili m'kati mwake. Mwana wanga wamkazi anali mmodzi wa iwo. Ankayeza madzi a m'mijigo, dothi la m'minda, mtedza wochita chuku, feteleza. Anadwala miyezi isanu n'kutisiya, ndipo ana ake awiri ndikulera ine pano pa Mauwa. Pamaliro anzake a kuntchito anabwera ndi magalimoto mpaka kutseka njira ya kuchigayo. Ndinawaona akulira. Ndinaonanso mmodzi akujambula nkhata za maluwa ndi foni, akusuntha ya banja kuti ya bungwe ioneke bwino, ndiye sindinadziwe poti ndiwaike.

Mvula itatha anabweranso atatu. Wowatsogolera anali bambo wachikulire wa imvi, amene anaphunzitsa mwana wanga kukoleji. Ndiwo apampando aja. Anati mamembala asonkha ndalama ndipo akufuna kuziika kubanki. Mpamba sadzaukhudza. Chiwongoladzanja chokha ndicho chiziitanira katswiri mmodzi pachaka kudzapereka phunziro pokumbukira malemuyo. Ankafuna munthu wa kubanja woti azivomereza wolankhula ndi malo ake.

"Inuyo mupezapo chiyani?" ndinawafunsa.

"Palibe, mayi. Tikungofuna dzina lake lisazimirire."

"Dzina lake silingazimirire ine ndili moyo. Ndikufunsa za inu."

Apampando anamwetulira n'kunena kuti mwana wanga ankafunsa chimodzimodzi m'kalasi. Mawuwo anandisangalatsa, ndipo chifukwa choti anandisangalatsa ndinawakayikira. Ndinawauza kuti asiye pepalalo, abwere sabata ina.

Ndinaphunzitsa sitandade foro zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti chimene sichinalembedwe tsiku lina chimasanduka macheza. Choncho ndinalembetsa m'pepalamo kuti phunzirolo lizichitikira mu holo ya sukulu yathu pano, osati m'tauni, ndiponso kuti lizikhala la m'Chinyanja. Pansi pake ndinaonjezera ndi cholembera changa kuti zimenezi sizingasinthidwe popanda siginecha yanga. Mmodzi wa atatu aja anati zimenezo n'zosafunika pakati pa anthu okondana. Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndidzamukumbukire. Anali wa foni uja.

Chaka choyamba chinali chamanyazi. Wolankhula anabwera ndi makina oonetsa zithunzi pakhoma, magetsi n'kuzima asanayambe. Anatiuza za tinthu tating'ono kuposa fumbi, mawu atatu a Chinyanja, khumi a Chingerezi. Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi kupita kumadimba. Otsala ankadikira zakumwa. Chithunzi cha mwana wanga chinali pakhoma chikuyang'ana mabenchi opanda anthu, ndipo ndinauza apampando kuti ngati kukumbukira kwake ndi kumeneku, kuli bwino tingomuiwala.

Iwo anandifunsa chimene ndikufuna. Ndinawafotokozera mmene malemuyo ankachitira akabwera kumudzi. Ankayenda ndi timabotolo m'chikwama. Akatunga madzi pamjigo kuti akayeze, ankatunga kawiri. Botolo limodzi linkapita kulabu, kumene amayezera zinthuzo. Linalo ankalimata ndi selotepi, kulemba tsiku, n'kuitana aliyense amene ali pamjigopo kuti alembepo dzina lake, zimene ine ndinkaziona ngati kuchedwetsa anthu. Kenako ankalisiya m'bokosi langa lachitsulo. "Limeneli ndiye mboni, amayi," ankatero. "Wina akadzati ndanama, tidzatsegula limeneli." Anthu ankamubweretsera zinthu zimene akuzikayikira, ndipo ulendo wotsatira ankawauza zimene wapeza atakhala nawo pamphasa.

Tinagwirizana kuti phunziro litsatire njira yomweyo. Kukatsala mwezi, aliyense amene ali ndi chinthu chomukayikitsa amapita nacho ku ofesi ya ahedi a sukulu: madzi a pachitsime m'botolo, dothi m'pepala, mtedza, feteleza. Ahedi amaika nambala n'kulemba kumene chinthucho chachokera, koma dzina la wobweretsa salemba, kuopa kudanitsa anthu. Wolankhula wa chaka chimenecho amalandira katoni yonse kulabu kwake, ndipo tsiku la phunziro amawerenga zimene wapeza n'kuphunzitsa kuchokera pamenepo. Za mboni tinazisiya, apampando anati katundu angachuluke. Chaka chachiwiri holo inadzaza. Ena anachokera ku Likoswe, ena anapalasa njinga kuchokera ku Mpama, aliyense kudzamva za nambala yake.

Anthu amaganiza kuti kuyendetsa chinthu chotere ndi kukhala kutsogolo utavala chilundu chatsopano. Ntchito yake imayamba kale. Pamafunika kubwereka mabenchi kutchalitchi kwathu ndi kwa Akatolika, n'kuwaika chizindikiro cha choko kunsi, chifukwa akasakanikirana amabala mlandu wa chaka chathunthu. Pamafunika kulengeza m'matchalitchi masabata atatu otsatizana, ndipo ndimatuma munthu kukamvetsera ngati alengezadi tsiku lolondola. Pali chimera cha thobwa, nkhuni, chakudya cha mlendo. Pali kuwerenga mbiri ya wolankhula imene bungwe limatumiza, masamba atatu a masukulu amene anapitako, ine n'kumafunafuna chimene sanalembe. Wina ndinamukana chifukwa nditamuimbira foni anandifunsa ngati kuno kuli malo abwino ogona asanandifunse kuti anthu akuno amalima chiyani. Komiti inadandaula, koma pepala linali kumbali yanga. Tsiku lenilenilo ndimayang'ana ngati mlendo akumwa madzi a pamjigo wathu kapena watulutsa botolo lake la m'sitolo. Munthu sangatiuze kuti madzi athu ali bwino iye akuwazemba.

Mng'ono wanga, amene timalima malire, amati ndinabadwa ndikucheuka. Mwina. Makolo athu anafika kuno kuchokera ku Mozambiki katundu ali pamutu, ndipo amayi ankatiuza kuti aliyense amene anawalandira ndi manja awiri anali ndi munda wofuna kulimidwa. Ine ndinangotengera. Koma pa nkhani iyi ndili ndi chifukwa china. Mwana wanga sanasiye nyumba m'tauni kapena galimoto. Anasiya ana awiri ndi mbiri yoti sankanama pa zimene wayeza. Anawo anali aang'ono pamene iye ankamwalira, ndipo mayi wawo akumudziwira pa tsiku limeneli, pamene anthu a m'midzi amamutchula ngati angomuona dzulo.

Chaka chimene ndikufuna kunena, kalata sinabwere ndi wakabaza. Apampando anabwera nayo okha, atanyamulanso paketi ya shuga. Nditaona shugayo ndinadziwa kuti m'kalatamo muli chinthu chofunika kufewetsa ndi pakamwa.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Anati zinthu zakwera mtengo, ndipo chiwongoladzanja chija sichikukwaniranso mafuta a galimoto ndi mankhwala oyezera kulabu. Pali wamalonda wina, mwini masitolo ogulitsa mbewu ndi feteleza m'misika ingapo, kuphatikizapo wathu uno, amene wadzipereka kuthira ndalama m'thumba la chikumbutso. Iye akufuna kuti phunzirolo lisamukire ku hotela ya m'tauni, kumene kungabwere atolankhani, ndiponso kuti zoyezayeza za anthu akumudzi zithe chifukwa zimadya nthawi. Mu envulopu munali mapepala awiri. Loyamba linali lovomereza wolankhula wa chaka chimenecho. Lachiwiri linali losamutsa phunziro, ndipo pansi pake panali mzere wodikira siginecha yanga.

"Wolankhulayo wamusankha ndani?"

"Komiti, mayi. Ndi katswiri weniweni wa za feteleza."

"Amagwira kuti?"

Anati ali ndi labu yakeyake, ndipo mmodzi wa anthu amene amawayezera katundu ndi wamalonda yemweyo.

"Ndiye shugayu mwandibweretsera kuti ndimwere zimenezi."

"Mayi, ine ndakalamba, sindingayambe kuba lero. Ndikukuuzani zoona. Mukakana, chaka chino tikwanitsa, chamawa mwina. Kupitirira apo phunziro lafa."

"Likapita ku hotela, anthu a ku Likoswe akafikako bwanji? Kumeneko likafanso, kungoti likafa litavala tayi."

Tinagwirizana kuti chaka chimenecho lichitikirebe pa Mauwa, wolankhulayo abwere, wamalondayo atumize munthu wake adzaone. Za pepala lachiwiri ndinati ndidzayankha tsiku lomwelo, phunziro likatha. Loyamba ndinasaina patapita masiku atatu. Shuga ndinasunga osatsegula.

Sitolo ya wamalondayo ndinkaikayikira kale. Dzinja lapitalo ndinagulako feteleza wobereketsa, woyera uja, ndipo chimanga changa chinakhalabe chachikasu ngati sindinathire kanthu. Koma mvula inavutanso chaka chimenecho, ndiye sindikanaloza munthu chala. Chimene ndinkafuna kudziwa makamaka sichinali cha fetelezayo. Ndinkafuna kudziwa ngati wolankhulayo amanena zimene wayeza, kapena amayamba wayang'ana nkhope ya womulipira.

Ndinapita kusitoloko n'kugula kathumba kakang'ono, kosokedwa bwino.

"Kamodzi kokha, agogo? Munda wanu wonse uja?" anafunsa wogulitsa.

"Ndi ka kudimba. Undilembere lisiti."

"Lisiti pa kathumba?"

"Ndimakonda mapepala."

Kunyumba ndinatseka chitseko, ndinakhuthulira fetelezayo m'lichero, ndinasakaniza monga ankachitira mwana wanga, n'kumugawa patatu. Gawo loyamba ndinapita nalo kwa ahedi Lolemba, n'kunena zoona kuti ndi wa m'sitolo. Lachiwiri ndinalikulunga m'pepala lakale la shuga, ndinapita nalo Lachinayi, n'kunena kuti ndagula pamsika. Limenelo linali bodza, ndipo ndikulilemba pano ndi dzanja langa. Ahedi sanafunse kawiri. Ndinawaphunzitsa sitandade foro ndipo mpaka pano amaimirira ndikalowa. Gawo lachitatu ndinalimata ndi selotepi, ndinalemba tsiku, n'kulitsekera m'bokosi lachitsulo kuti likhale mboni.

Maganizo anga anali osavuta. Ngati munthuyo ndi wogulidwa, adzayamikira wa m'sitolo n'kunyoza wa pamsika, chonsecho ndi feteleza mmodzi. Pamenepo ndidzaimirira ndi mboni yanga, ndipo apampando adzang'amba okha pepala losamutsa lija. Sindinauze aliyense, ngakhale mng'ono wanga. Ndinaganizira zonse kupatula chimodzi. Pamsika wathu, kupatula sitoloyo, wogulitsa feteleza ndi mmodzi yekha, mayi wamasiye wa ku Likoswe amene amapikula thumba ku Limbe n'kumagulitsa pambale kwa amene sangakwanitse lathunthu. Ahedi salemba dzina, koma akalemba kuti wa pamsika, alemba dzina la mayi ameneyo.

Tsikulo kunatentha kuyambira m'mawa. Manijala wa masitolo aja anafika msanga pa galimoto, ndi makireti a zakumwa komanso chinsalu cholembedwa dzina la sitolo. Ankafuna kuchipachika pakhoma la kutsogolo. Ndinamuuza kuti khoma limenelo lili ndi mwini, n'kumulozera chithunzi. Anakachimangirira pamtengo wa mango panja.

Wolankhulayo anafika pa kabaza, chikwama pamiyendo, fumbi mpaka m'nsidze. Anali bambo wamfupi, woonda, wosakonda kuyang'ana anthu m'maso. Ndinadabwa kuti sanakwere nawo galimoto ya manijala, koma ndinati mwina anapangana kuti tisawaone limodzi. Ndinamupatsa madzi a pamjigo m'kapu ya pulasitiki. Anamwa onse n'kupempha ena. Ndinati mwina wina anamutsina khutu.

Holo inadzaza mpaka ena kusuzumira m'mawindo. Titapemphera, apampando ananena mawu ochepa a mbiri ya malemuyo, ndipo wolankhula anaimirira. Anayamba ndi madzi: chitsime chakuti chili pafupi kwambiri ndi chimbudzi, madzi ake aziwiritsidwa, mjigo wakuti uli bwino, kukoma kwachitsulo kusawaopse. Anapita ku dothi, n'kufotokoza chifukwa chake minda ina yawawasa ndi chimene laimu amachita akathiridwa. Chinyanja chake chinali chomveka. Ine ndinkamva ndi khutu limodzi, dzanja lili pachikwama mmene munali mboni.

Kenako ananyamula pepala lakale la shuga lija.

"Nambala naini, feteleza wobereketsa, wogulidwa pamsika. Muli mchenga woyera wambiri ndithu. Mphamvu yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi feteleza weniweni wa mtundu umenewu."

Anthu onse anacheukira kumbuyo, kumene mayi wa pamsika uja anakhala. Bambo wina anati, "Ndiye chifukwa chake mbale yanu imalemera chonchija, achemwali." Anthu anaseka. Wina anati amuchotse pamsika. Mayiyo anaimirira, chitenje chikumasuka, n'kunena kuti iye saikamo kanthu, Mulungu akumuona. Palibe amene anamumvera. Manijala anapukusa mutu mwachisoni, ngati munthu amene wakhala akuchenjeza anthu za ogulitsa pambale.

Ine ndinakhalabe pabenchi. Ndikanatha kuimirira pomwepo, koma msampha wanga unali usanafwamphuke wonse, ndipo ndinkadikira kuti wolankhulayo ayamikire sitolo. Ndinamusiya mayi uja ataima yekha pakati pa kuseka, ine ndikudziwa kuti fetelezayo sanamugwirepo n'komwe. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Kwa iye zinatalika.

Wolankhulayo anakweza dzanja. "Dikirani, sindinathe. Nambala foro, wogulidwa m'sitolo. Nayenso ali ndi mchenga womwewo, wochuluka chimodzimodzi." Sanayang'ane manijala, ndipo sanachepetse mawu. "Awiriwa akufanana mopitirira. Ndinayeza kawiri chifukwa ndinkaganiza kuti ndasokoneza mapaketi. Ine ndikuona ngati anachokera m'thumba limodzi. Kaya mayiwa amapikula kusitoloko, kaya pali wina amene akundiyesa ineyo."

Manijala anaimirira. Anati sitolo yawo imagulitsa katundu wosokedwa ku fakitale, ndipo munthu aliyense angathe kuthira mchenga kunyumba kwake n'kubweretsa kusukulu. Anafunsa kuti wabweretsa ndani. Ahedi anayang'ana pansi, kenako anayang'ana ine.

Ndinaimirira. Ndinanena zonse, za kathumba, za lichero, za bodza la Lachinayi. Ndinati mayi wa pamsika alibe mlandu, sindinagulepo kwa iye. Ndinatulutsa gawo lachitatu, lomatidwa bwino, n'kuliika patebulo pamodzi ndi lisiti.

"Mboni ndi imeneyo," ndinatero.

Manijala anaitembenuza paketiyo ndi chala chimodzi. "Munamata ndinu, agogo?"

"Ndine."

"Analipo ndani pomata?"

"Ndinali ndekha."

"Nanga wasunga ndani?"

"Ine, m'bokosi langa."

"Ndiye mboni yanu ndi inu nomwe. Ndipo mwangotiuza kumene kuti munanamiza ahedi."

Ena anaseka, ena anang'ung'udza. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake mwana wanga ankaitana anthu a pamjigo kuti alembe maina pa selotepi. Ine ndinatengako za botolo lachiwiri n'kusiya za anthu, chifukwa panalibe amene ndinamukhulupirira kuti aone nawo. Ndinaima pansi pa chithunzi chake, m'phunziro la dzina lake, ana ake ali pabenchi la kutsogolo, ndipo munthu wogwidwa bodza m'holomo ndinali ine. Pepala losamutsa linali m'chikwama, ndipo ndinaona kuti mawu okanira kusaina andithera.

Wolankhulayo ndiye anadula phokoso. Anati kusitoloko si kutali, ndipo feteleza wa mtundu umenewu safuna labu kuti aulule mchenga. Apite anthu atatu akagule kathumba kena kosokedwa, kadzatsegulidwe pamaso pa onse. Manijala anati wogulitsa wapita kukadya. Wina wa pawindo anayankha kuti wangodutsa kumeneko, wogulitsayo akusewera bawo pakhonde. Apampando ananyamuka okha, n'kupempha ahedi ndi mayi wa pamsika kuti apite nawo. Mayiyo anati apita, koma akatenganso beseni lake la feteleza kuti nalonso liyezedwe anthu akuona.

Podikira palibe amene anatuluka. Ndinakhala pabenchi langa, ndipo a m'mbali mwanga anasendera pang'ono. Ndinkadziwa kuti kathumba akakaguleko kakakhala kabwino, mchenga wonse ugwera pa ine, ndipo ndisaina pepalalo osakwezanso maso. Mng'ono wanga anabwera kudzakhala pafupi.

"Mukanandiuza, achemwali," ananong'ona.

"Ukanakauza amuna ako."

"Eya, ndikanawauza. Bwenzi pano muli ndi mboni ziwiri."

Ndinatembenukira kukhomo kudikira atatu aja.

Atatu aja atabwerako, ahedi anakweza kathumbako m'mwamba kuti onse aone msoko, n'kukatsegula ndi lezala. Wolankhulayo anapempha matambula awiri a galasi ndi madzi a pamjigo. M'tambula imodzi anathiramo feteleza wa m'kathumba, mu inayo wa m'beseni la mayi uja, n'kutakasa ndi supuni. Anafotokoza kuti feteleza woyera ameneyu akakhala weniweni amasungunuka yense, ndipo madzi amazizira ngati a mumtsuko. Anapereka matambulawo kuti ayende m'manja mwa anthu. Ya mayi wa pamsika inali yozizira, madzi oyera mbee, pansi popanda kanthu. Ya m'sitolo inazizira pang'ono chabe, ndipo pansi pake panakhazikika zoyera zoti munthu n'kukokota ndi supuni. Itafika kwa ine ndinaipendeketsa kawiri. Ndinaviika chala n'kufikisa. Unali mchenga.

"Ndinganene za kathumba aka kokha, ndi kaja ka agogowa," anatero wolankhulayo. "Amene anathiramo sindikumudziwa. Thumba limadutsa m'manja ambiri lisanafike pashelefu. Koma aliyense wa inu ali ndi tambula kunyumba."

Ine ndinaona ngati akumusiyira bwana wake khomo lothawira. Apampando anandiuza pambuyo pake kuti umo ndi mmene a kemisitiri amalankhulira, sanena chimene sanayeze. Mwina.

Manijala sanadikire pemphero lotsekera. Anamasula chinsalu pamtengo, anakweza makireti osatsegula m'galimoto, n'kupita. Anthu anamwa thobwa.

Holo itatsala ndi ife osesa, ndinatulutsa pepala lachiwiri n'kulipereka kwa apampando losasaina. Sanatsutse. Analipinda n'kuliika m'thumba la jekete.

"Wamalonda uja sakanathiranso kanthu ngakhale mukanasaina," anatero. "Ndiye tiyendetsa bwanji, mayi?"

"Wolankhula azibwera pa minibasi. Uyu wafika pa kabaza ndipo sanafe."

"Nanga mankhwala a kulabu?"

"Tiziyeza zochepa. Zina aziphunzitsa za patambula."

Anausa moyo, n'kundithandiza kunyamula benchi la Akatolika. Titafika nalo pakhomo anafunsa kuti, "Koma wolankhulayu mwamukhulupirira tsopano?"

"Pa kathumba kamodzi kaja, eya."

Ndinamva pambuyo pake kuti wolankhulayo sayezeranso wamalonda uja. Ena amati anachotsedwa, ena amati anasiya yekha. Kalata yake sindinaione. Phunziro likuchitikabe pa Mauwa, ngakhale lachepa. Mlendo amadya kwa ine, katoni ya ahedi imatsekedwa ikadzaza imodzi, ndipo amene wachedwa amadikira chaka chamawa. Chaka chilichonse apampando amati mwina chino n'chomaliza, ndipo ine ndimati andionetse pepala la kubanki, asandiuze pakamwa.

Kwa mayi wa pamsika ndinapita Loweruka lotsatira, ndi nkhuku ndi shuga wa apampando uja. Anandisiya ndiime pabwalo kanthawi asanandiyalire mphasa. Ndinapepesa. Anafunsa chinthu chimodzi chokha, kuti pamene anthu ankamuseka ine ndinkadikira chiyani. Ndinamuuza.

"Ndiye ine ndinali nyambo yanu, aphunzitsi."

"Inde."

Nkhuku analandira. Paketi ya shuga anaitembenuza mbali zonse kuona ngati sinabooledwe.

Mpaka lero moni wanga amayankha mwachidule. Koma kuyambira chaka chotsatira, chilichonse chobwera kusukulu chimagawidwa pawiri pamaso pa wobweretsa, ndipo pa selotepi ya mboni pamalembedwa maina a anthu awiri. Ahedi anandifunsa kuti wachiwiri pambali pa ine akhale ndani. Ndinatchula mayi uja, ndipo anavomera msanga. Amabwera ndi cholembera chakechake, amakhala moyang'anizana nane, ndipo pamene ndikumata sachotsa maso m'manja mwanga. Bokosi lachitsulo tinalisamutsira ku ofesi ya ahedi. Lili ndi maloko awiri. Kiyi wina ali ndi ine, wina amamangirira iye kunsonga ya chitenje.